Thiraki ili pa boda, sisitimu ikukana: kufufuza pomwe pulogalamu yanu yasemphana ndi ya boma nthawi ya ngozi

Foni ya dalaivala imabwera usiku, ndipo mawu ake sasintha: "Achimwene, kuno akuti entry yathu sikuoneka." Mukatsegula kompyuta mu ofesi ulendo uli pomwepo, kontena yalembedwa, invoisi ilipo, pulogalamu ikuti entry, chikalata cholengeza katundu ku kasitomu, ndi zina zonse zinapita masana. Koma dalaivala ali pa chipata ndi ufa wa anthu a m'misasa, ndipo ofisala wamutembenuzira sikirini yopanda kanthu.

Ndalemba izi chifukwa mafunso ake ndi omwewomwewo dziko likangogwa m'mavuto. Tinaziona mu Malichi 2019 namondwe Idai atadula msewu wa ku Beira, mu 2020 ndi Covid-19, mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, mu Malichi 2023 ndi Freddy, komanso kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique. Ngozi zimasiyana koma nthenda ya makompyuta ndi imodzi. Boma limasintha malamulo, njira ndi makodi m'masiku ochepa, pomwe pulogalamu yathu yoyendetsera katundu ikadali kuyendera za chaka chatha. Timathamangira kunyoza seva ya boma, chonsecho nthawi zambiri njoka ili m'nyumba mwathu momwemo.

Ndikulankhula ndi a makampani a mathiraki, ma clearing agent ndi mabungwe othandiza omwe pulogalamu yawo imapereka uthenga ku ASYCUDA World, sisitimu ya kasitomu yomwe MRA, ZRA ya ku Zambia ndi ZIMRA ya ku Zimbabwe amagwiritsa ntchito, kapena ku Janela Única Electrónica ya ku Mozambique. Kaya mumatulutsa fayilo ya XML n'kuikweza pamanja, kaya makina amalankhulana okha, kafufuzidwe kake ndi komweka.

## Musanakhudze chilichonse

- Jambulani uthenga wokana monga walembedwera, ndi nthawi yake. Mawu oti "ikukana" sathandiza aliyense.
- Sungani fayilo yeniyeni yomwe inatumizidwa musanayambe kuikonza.
- Imbirani mnzanu wa kampani ina. Ngati nayenso wakanika kulowa, vuto si lanu.
- Musadinenso batani lotumiza. Chifukwa chake chili pa chizindikiro chachitatu mwa zisanu ndi ziwiri zomwe zili m'munsimu.

## 1. Pulogalamu sikulumikizana n'komwe

Kagudumu kamangozungulira, kenako uthenga woti nthawi yatha kapena woti satifiketi ndi yosadalirika.

1. Netiweki ya kwanu. Tsegulani tsamba limodzi la m'dziko muno ndi lina lakunja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka, intaneti n'kufooka ku Tanzania, Mozambique ndi kuno. Ngati pulogalamu yanu imakhala pa seva ya ku London kapena ku Frankfurt, uthenga wopita ku ofesi ya kasitomu yomwe mungafike wapansi umayamba wawoloka nyanja. Khalani ndi SIM ya TNM ndi ya Airtel, zonse zili ndi bandulo, osati kukagula ngozi itagwa kale.
2. Wotchi ya kompyuta. Ichi anthu sachiganizira. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, komwe kamasunga tsiku magetsi akathima. Kakafooka, kompyuta imadzuka ili m'chaka china chakale, ndiye satifiketi ya seva imaoneka ngati sinayambe kugwira ntchito. Ife tinatayapo m'mawa wonse tikusinthanitsa ma rauta, jenereta ikudya dizilo panja, mpaka mtsikana wolemba ma invoisi anafunsa chifukwa chomwe kalendala ya pakona inkaonetsa Januwale wa chaka chomwe iye anali ku sekondale. Konzani tsiku, sinthani kabatire, basi.
3. Akaunti. Mukaona uthenga wokana wa nambala 401 kapena 403, seva yakumvani koma sikukudziwani. Pasiwedi yatha, laisensi ya ejenti sinakonzedwenso, kapena mwasamukira pa netiweki ina pomwe seva imalola ma adiresi olembetsedwa okha. Musangoyesayesa mapasiwedi, akaunti imadzitseka.
4. Java. ASYCUDA World imayenda pa Java. Kompyuta ikadzikwezera yokha Java yatsopano usiku, m'mawa sitseguka. Bwezerani yomwe a kasitomu analangiza, mufufute cache yake, muletsenso kudzikwezerako.
5. Seva ya boma yagwadi. Apa mumaona 500, 502 kapena 503, ndipo anzanu onse akulira chimodzimodzi. Dikirani. Ngati pulogalamu imayesa yokha, italikitse: mphindi imodzi, kenako 5, kenako 15. Kugogoda sekondi iliyonse pa seva yomwe ikudzuka kumene n'kuigwetsanso.

## 2. Yalumikizana, koma ikukana zomwe mwatumiza

Apa ndi pomwe pamathera nthawi yambiri, ndipo pafupifupi chilichonse chili m'manja mwanu.

Matebulo akale. Pulogalamu yanu ili ndi mndandanda wake wa makodi a katundu, a ma ofesi a kasitomu, a mayiko ndi a CPC, kodi yonena kuti katundu akulowa pa chifukwa chanji. Mndandandawo umakalamba. Bungwe la World Customs Organization limasintha makodi a katundu, otchedwa HS, pakapita zaka pafupifupi zisanu, ndipo kusintha kwa 2022 kunayamba pa 1 Januwale. Bajeti ya boma nayo imasintha zina chaka ndi chaka, ndipo nthawi ya ngozi zina zimasinthira pakati pa mwezi. Tengani kodi yomwe yakanidwa muifufuze mu sisitimu ya kasitomu momwemo. Ikasowa m'menemo, tebulo lanu ndi lomwe latsalira.

Excel wadya ziro. Chizindikiro chake n'chosangalatsa: chimanga chikudutsa, nyemba zikukanidwa. Kodi ya chimanga imayamba ndi 1005, ya mpunga 1006, koma ya nyemba zouma imayamba ndi 0713, ya mkaka wa ufa 0402, ya tiyi 0902. Wina akatsegula fayilo mu Excel n'kuisunga, ziro woyambayo amafufutika, kodi n'kuperewera nambala imodzi. Katundu wa chithandizo amagwa kwambiri mu msampha uwu chifukwa mindandanda yake imabwera pa imelo kuchokera ku mabungwe osiyanasiyana. Danga la makodi liikeni kuti ndi la mawu, osati la manambala, musanalowetse kanthu.

Kadontho ndi mpatuliro. Mapepala a ku Beira ndi Nacala amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko makilogalamu 28,500 amalembedwa 28.500. Pulogalamu yosadziwa zimenezi imawerenga makilogalamu 28 ndi theka. Choopsa n'chakuti nthawi zina sisitimu siikana n'komwe. Zimakatulukira pa sikelo, thiraki ya matani 28 ili ndi pepala la kathumba kamodzi.

Zilembo zachilendo. Zilembo monga ç, ã, é, ngakhale ŵ wathu wa mu "Malaŵi", zimaswa fayilo ya XML ngati sinasungidwe mu UTF-8. Chizindikiro cha & m'dzina la kampani chimachitanso chimodzimodzi chikalowa chosakonzedwa. Tsegulani fayiloyo mu browser, ikuuzani mzere womwe yapunthwa.

Nambala ya kontena. Imakhala ndi zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo yomaliza ndi yotsimikizira zinazo. Ikakopedwa pa chithunzi cha WhatsApp chojambulidwa mvula ikugwa, O amasanduka 0, I amasanduka 1. Pulogalamu yabwino iyenera kuwerengera yokha nambala yomalizayo ndi kukana pomwepo.

Kusemphana ndi manifesiti. Entry iliyonse imachotsera pa matumba ndi kulemera komwe kuli pa bill of lading kapena waybill, chikalata chonyamulira katundu. Mlatho ukakokoloka n'kugawa katundu wa thiraki imodzi m'malole atatu, kuwonkhetsa kwa atatuwo kuyenera kufanana ndi koyamba. Thumba limodzi likapitirira, entry yomaliza imakanidwa.

Chenjezo: musasinthe nambala yolondola kuti fayilo ingodutsa. Kulemba kodi ina, kulemera kwina kapena mtengo wina chifukwa choti "iyi ndiye ikulola" ndi kunama pa pepala la kasitomu, ndipo Customs and Excise Act imati umenewo ndi mlandu. Mwina lero thiraki ituluka, koma ofufuza mabuku akadzabwera sadzafunsa ngati kunali namondwe.

## 3. Kwanu ikuti yapita, pa boda sikuoneka, kapena ikuoneka kawiri

1. Mawu oti "yatumizidwa" akukunamizani. Mapulogalamu ambiri amalemba chonchi uthenga ukangochoka pa kompyuta, osati ukalandiridwa. Umboni wokha woti entry ilipo ndi nambala yochokera ku kasitomu. Popanda imeneyo dalaivala asanyamuke.
2. Yasungidwa koma sinalembetsedwe. Mu ASYCUDA kusunga, kulembetsa, kuwerengera msonkho, kulipira ndi kutulutsa ndi masitepe osiyana. Ejenti wotopa amasunga n'kupita kukagona.
3. Kodi ya ofesi ndi ina. Entry ili ku Mwanza, thiraki ili ku Dedza. Onani chizindikiro chachisanu.
4. Yalowa kawiri. Apa ndikhalitsepo, chifukwa ili ndi bala lodzipweteka tokha.

Netiweki ikamadukaduka, uthenga wanu utha kufika bwinobwino koma yankho lake n'kutayika panjira. Inu mumaona ngati zalephera, ndiye mumadinanso. ASYCUDA ili ndi chitetezo chake: entry iliyonse imanyamula nambala yakeyake yomwe ejenti waipatsa, ndipo nambala imodzimodziyo silembetsedwa kawiri m'chaka chimodzi. Vuto ndi pulogalamu yomwe imapanga nambala yatsopano nthawi iliyonse mukadina. Kwa kasitomu awo ndi akatundu awiri osiyana, misonkho iwiri, bondi (chikole cha msonkho) yodyedwa kawiri. Ife tinalembetsapo kontena imodzi katatu usiku umodzi, ndipo wolakwa sanali wina koma ine, chala changa chomwechi. Thiraki inatuluka mawa lake, koma kufafaniza ziwiri zinazo kunatenga makalata ndi maulendo ambiri kuposa ntchito yeniyeniyo.

Musanatumizenso, fufuzani mu sisitimu ya kasitomu pogwiritsa ntchito nambala yomwe ejenti anaipatsa entry-yo. Uzaninso okupangirani pulogalamu kuti nambala izimamatira ku katundu, osati ku batani. Ngati yalowa kale kawiri, siyani pomwepo. Entry yolembetsedwa simungaifufute nokha, ejenti wanu alembere ofesi ya kasitomu.

## 4. Msonkho watuluka wosiyana ndi womwe munawerengera

1. Mtengo wa ndalama zakunja. Kasitomu amagwiritsa ntchito mtengo womwe uli mu sisitimu yawo pa tsiku lolembetsa, osati wa tsiku la invoisi, osatinso wa ku banki yanu. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu Meyi 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Pulogalamu yomwe mtengo wake umalembedwa pamanja kamodzi pa mwezi imakupatsani chiwerengero cha kumaloto, ndipo ndalama yomwe mwakonza kukalipira imaperewera.
2. Mwayi wosalipira msonkho sunalowe. Chilengezo cha pa wailesi si kodi. Mtsogoleri akalengeza kuti dziko lili pa ngozi, monga pa 20 Malichi 2020 kapena pa 13 Malichi 2023, sizitanthauza kuti thumba lililonse lolembedwa "chithandizo" ladutsa ulere. Pamafunika CPC yoyenera ndi kalata yovomereza, ndipo dzina la wolandira katundu pa kalatayo lifanane ndendende ndi la pa entry. Funsani MRA ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, katundu asananyamuke ku doko. Safunsa anadya phula.
3. Mwayiwo unatha. Zochotsera msonkho za nthawi ya ngozi zimakhala ndi malire a nthawi ndi mndandanda wa katundu. Lembani tsiku lothera mu pulogalamu momwemo.
4. Ndalama yalembedwa ina. ZAR m'malo mwa USD, kapena mtengo wa mayendedwe walowa kawiri.

Mukakayikira kodi ya katundu kapena mtengo wake, iyo si ntchito ya munthu wa makompyuta. Perekani kwa ejenti wa laisensi.

## 5. Njira yasintha, kenako bondi yatha

Ili ndi vuto lobisalira, limatulukira patapita sabata. Katundu wongodutsa, kapena wokakiliyidwa mkati mwa dziko, amayenda pa T1. Pepalalo limatchula ofesi yonyamukira, ofesi yofikira ndi nthawi yoti afike, ndipo msonkho wake umatsekeredwa pa bondi ya kampani mpaka ofesi yofikira itsimikize kuti wafika.

Ngozi ikagwa, mathiraki amasintha njira. Wa ku Muloza amazungulira ku Mwanza kapena ku Chiponde, wa ku Beira amasamutsidwira ku Nacala, ena mpaka Dar es Salaam kudzalowera ku Songwe. Mu pulogalamu yanu kusinthako ndi kudina kamodzi. Ku kasitomu sikunachitike. Katundu amafika, amatsitsidwa, aliyense n'kuiwala, koma T1 ikadali yotsegula ku ofesi yomwe thiraki sinapondeko. Zikachuluka zotere, tsiku lina T1 yatsopano imakanidwa chifukwa bondi yadzaza.

Zoyenera kuona, kuyambira chofala:

- Mndandanda wa ma T1 otsegula, muuyerekeze ndi maulendo omwe kwanu analembedwa kuti atha.
- Maulendo omwe chipata chinasinthidwa atanyamuka kale.
- Mathiraki omwe anasinthidwa panjira. Nambala ya horse (mutu wa thiraki), ya ngolo ndi ya seal (chotsekera cha kasitomu) zili pa pepala, ndiye katundu akasamutsidwa popanda ofisala, mapepala ndi galimoto sizigwirizananso.
- Ma T1 obwereza a pa chizindikiro chachitatu.

Lamulo la mu ofesi likhale loti wosintha njira mu pulogalamu aimbire ejenti ola lomwelo, kuti apemphe chilolezo thiraki isanakhote. Dalaivala asadule seal ngakhale thiraki itatitimira m'matope. Ajambule, aimbe foni, adikire ofisala kapena apolisi.

## 6. Chikalata chikuoneka kuti chatha pomwe sichinathe

Nthawi ya Covid-19 madalaivala ankayenda ndi chikalata choyezetsa, ndipo mayiko a East African Community anakhazikitsa sisitimu ya RECDTS mu Seputembala 2020 kuti zotsatira zizioneka pa foni, zogwira ntchito masiku 14. Kuyambira pamenepo tinaphunzira kuti tsiku limodzi litha kuwerengedwa mitundu itatu.

1. Tsiku ndi mwezi zatembenuzika. Kwa ife 03/04 ndi 3 Epulo, kwa kompyuta yoikidwa Chimereka ndi 4 Malichi. Masiku opitirira 12 amakanidwa poyera, koma ochepera pamenepo amadutsa mwakachetechete atatembenuka. Tumizani masiku motere: 2023-04-03.
2. Maola. Seva zambiri zimayendera UTC, yomwe ili maola awiri kumbuyo kwathu, pomwe Tanzania ili ola limodzi patsogolo. Zomwe mwatumiza 1:30 usiku wa pa 1 Epulo, seva yotero imazilemba pa 31 Malichi, lomwe kwa boma lathu ndi chaka china cha zachuma.
3. Chilolezo chilipo koma sichinalumikizidwe. Mankhwala amafuna chilolezo cha PMRA, bungwe loona za mankhwala, katundu wina amafuna cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, mbewu ndi zakudya zimafuna cha unduna wa zaulimi kapena wa zamalonda. Onani ngati nambala yake yalowa pa danga loyenera, komanso ngati kuchuluka komwe chinaloleza sikunathe ndi mathiraki oyamba.
4. Lamulo lasintha thiraki ili panjira. Chaka cha njala boma litha kuletsa kutulutsa chimanga chilolezo chanu chikadali chatsopano. Apa palibe chokonza pa kompyuta.

Zikalata za madalaivala zili ndi nambala za pasipoti, nthawi zina ndi za umoyo wawo. Musaziponye m'magulu a WhatsApp kuti "wina athandize". Data Protection Act ya 2024 imakhudzanso zimenezi.

## 7. Sisitimu yabwerera, koma mabuku sakugwirizana

Seva ikagwa nthawi yaitali, ofesi ya kasitomu itha kulola kuti katundu wofunika atuluke pa mapepala, entry idzalowe pambuyo. Chilolezo chimenecho chimachokera kwa iwo, cholembedwa ndi chodindidwa, osati kwa dalaivala amene wamva kwa mnzake pa mzere.

Magetsi ndi netiweki zikabwerera, pulogalamu yanu imakhala ndi mulu wa mauthenga odikira, ndipo ikangoona mpata imawakhuthula onse. Imitsani kaye mzerewo. Chotsanimo omwe ejenti analowetsa kale pamanja, omwe njira kapena thiraki inasintha, ndi omwe mtengo wa ndalama wasintha chiwakonzereni. Otsalawo atumizeni pang'onopang'ono motsata nthawi yake, chifukwa uthenga woti katundu wafika ukatsogola woti wanyamuka umakanidwa. Mukaona 429, seva ikukuuzani kuti mwachulutsa.

Kaundula wa pepala ndi wofunika masiku amenewa: nambala ya thiraki, kontena, seal, nthawi, dzina la ofesi yomwe yaloleza. Kope la sukulu ndi lokwanira, bola lisanyowe.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

Itanani clearing agent wa laisensi ngati:
- entry yalembetsedwa kale ndipo ili ndi cholakwika, kapena yalowa kawiri;
- katundu wagwera pa mzere wofiira (woyendera katunduyo) kapena wachikasu (wofufuza mapepala) ndipo ofisala wafunsa mafunso;
- nkhani ndi ya kodi ya katundu, mtengo, CPC kapena bondi.

Itanani okupangirani pulogalamu ngati:
- kasitomu asintha kapangidwe ka fayilo, kapena awonjezera danga lomwe kwanu kulibe;
- satifiketi kapena kiyi wa seva yanu watha;
- mukuganiza zotsegula database kuti mukonze pamanja. Musatero, ndipo ngati wina wayamba kale, sungani kope la momwe zilili asanapitirize.

Pitani ku ofesi ya kasitomu, ndi kalata, ngati:
- mwalipira ku banki koma malipiro sakuoneka. Musalipirenso, tengani risiti;
- akaunti yatsekedwa, kapena mukuona ma entry omwe simunalowetse inu;
- seal yaduka, thiraki yagwa, kapena nthawi ya T1 itha katundu asanafike.

Itanani loya ngati katundu kapena galimoto yalandidwa, kapena mwapatsidwa pepala loti musayine kuvomera mlandu.

Pa zipata pamakhalanso anyamata okoma pakamwa omwe amati ali ndi "munthu wa mkati" woti akankhe entry usiku womwewo, bola muwapatse pasiwedi ya ejenti. Chilichonse cholowa pa akaunti imeneyo chimalembedwa m'dzina la mwini laisensi, pamodzi ndi tsiku ndi ola. Dalaivala akaimba n'kunena kuti wapeza wotere, mutumizireni ya chakudya ndi ya malo oimika thiraki pa foni, mumuuze agone, ejenti afika m'mawa.